Baji la Zana la Malemu a Ngozo

Kalekale, komatu musathamangire ku kale la nyanda ndi mikondo, ine ndikunena kale lija mafoni odina pagalasi anali atangofika kumene m'misika ya m'mbali mwa msewu, pa Lizulu panali bambo wina, a Ngozo. Bamboyu anapalasa njinga ya kabaza zaka makumi awiri ndi zitatu. Ananyamula matumba a kachewere, amayi apakati, aphunzitsi ochedwa kusukulu, ngakhale nkhumba zomangidwa miyendo, mpaka tsiku lina mawondo anangokana. Anaimika njinga kuseri kwa chitseko n'kukhala pakhonde, maso ali kumsewu.

Akazi awo anali atatsogola kale, n'kuwasiyira ana atatu, onse akuluakulu. Woyamba anali Mwandida, wogulitsa tomato ndi kabichi pamsika, mkazi wa pakamwa pakuthwa, amene mwamuna wake anapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera. Wachiwiri anali Dzinkambani, amene analowa m'malo mwa bambo ake pakabaza, munthu wosalankhulalankhula, wa zala zonenepa ngati chinangwa. Wotsiriza anali Lekani, amene anakhoza bwino mayeso a Fomu 4, koma satifiketi yake inkangonunkhizidwa ndi mphemvu m'sutikesi chifukwa ntchito kunalibe.

Tsiku lina a Ngozo anasinthitsa mbuzi yawo ndi foni yakale yodina pagalasi. Anthu ankayesa kuti mwina akufuna azimvera ulaliki. Ayi ndithu, mdalayo ankafuna gemu.

Gemuyo inkatchedwa Palasa. Anaipanga anali achinyamata ena a ku Lilongwe, ndipo misewu yathuyi ankaidziwa. Pagalasi pankaoneka kamunthu kovala chipewa chofiira, katakwera njinga ya kabaza. Ukaika chala chachikulu pagalasipo, kankapalasa. Ukachikokera kumanja kapena kumanzere, kankazemba maenje, mbuzi, zidakwa ndi maminibasi. Ukachikankhira m'mwamba, kankadumpha. Koma ukangochotsa chala, njinga inkaima, nthawi n'kumakuthera. Choncho lamulo lake aliyense ankalidziwa pamtima: zivute zitani, chala sichichoka pagalasi.

Ukachita chooneka, gemu inkakupatsa baji, kachizindikiro konyezimira kamene kankakhala pansi pa dzina lako. Mabaji onse anali zana. Ena anali a thukuta, ofuna kubwereza chinthu chimodzimodzi mpaka kunyansidwa nacho. Ena anali a liwiro, ofuna diso ndi chala zoyendera limodzi. Lomaliza lenilenilo linali lakuda bii, lopanda dzina, lopanda wokuuza kuti limapezeka bwanji, ndipo linkadikira munthu amene watolera kale ena onse. Eni ake a gemu analengeza kuti woyamba kudzaza zana adzamulemba ntchito ku Lilongwe, yoyesa magemu atsopano asanafike kwa anthu. Malo anali amodzi, a munthu mmodzi.

Pamsikapo panali mnyamata wina, Biziwiki, mwana wa mwini chigayo, wa foni yaikulu ngati mbale ndiponso njinga yamoto. Iyeyu ndiye ankatsogola m'gemuyo dera lonselo, ndipo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo. Atamva kuti a Ngozo nawonso alembetsa dzina, anaima pamsewu moyang'anana ndi khonde lawo n'kuseka mpaka kugwira nthiti.

"Madala, zala zanuzo n'zotong'olera chimanga," anatero. "Izi tisiyireni ife."

"Mwana iwe," anayankha a Ngozo, "msewu ukuuona pagalasiwo ine ndinaupalasa ndi miyendo yangayi. Tikaonana kumapeto."

Mdalayo anapeza mabaji khumi oyambirira yekha. Kenako manja anayamba kunjenjemera, kamunthu ka chipewa chofiira n'kumangogwera m'dzenje loyamba. Anaitana ana awo onse atatu, n'kuika foni pamphasa pakati pawo.

"Dzina langa lili m'katimu," anatero. "Ndanyozedwa pamsewu, pamaso pa anthu amene ndinkawanyamula. Mwana wa pachigayo uja asalipitirire dzinali. Ndipo mmodzi wa inu atuluke pano, asadzakalambire pakhonde ngati ine."

"Ababa, anthu akutiseka," anatero Mwandida. "Munthu wamkulu, wa imvi, kumachita zibwana?"

"Aseke," anayankha a Ngozo. "Mano ndi awo."

Tsopano tcherani khutu, mumve zimene aliyense anachita, chifukwa kumapeto ndikufunsani.

Dzinkambani anatenga mabaji a thukuta. Kusewera sankatha, izi tisabise. Koma panali baji lonyamula anthu zikwi khumi, lina lowoloka mlatho umodzimodzi maulendo chikwi, ndi ena otopetsa otero, ndipo iye ankawakumba pang'onopang'ono akudikira makasitomala pansi pa mtengo wa bulugama. Lovuta kwambiri linali baji la chaka. Limeneli linkafuna kuti usewere tsiku lililonse kwa chaka chathunthu, osadumpha ngakhale tsiku limodzi. Ukadumpha, unkayambiranso pa tsiku loyamba.

Kunyumba kwawo kunalibe magetsi, choncho m'mawa uliwonse Dzinkambani ankapita nayo foni kwa wotchajitsa pamsika. Mwezi wa Febuluwale kunagwa chimvula chimene chinagwetsa mapolo a magetsi, netiweki n'kusowa masiku asanu ndi limodzi. Osewera ambiri anathera pomwepo. Biziwiki anapulumuka chifukwa bambo ake ankamutengera ku Dedza pa galimoto. Dzinkambani analibe womutengera. Ankapempha moto pa batire la lole imene inatitimira m'matope, kukulunga foni m'jumbo, kuimangirira pamimba, n'kukwera phiri mpaka pamwamba pamene netiweki inkagwirako pang'ono. Ankasewera kamodzi, kugwera m'dzenje monga mwa masiku onse, n'kutsika. Anachita zimenezi masiku onse asanu ndi limodzi, mawondo ake n'kuyamba kulira ngati a bambo ake.

Kutatsala miyezi itatu kuti chaka chikwane, a Ngozo anamwalira. Achinyamata anathyola nthambi n'kuyala masamba modutsa msewu, uku ndi uku kwa nyumba, monga timachitira, kuti wodutsa adziwe kuti pano pagwa zovuta, wa galimoto achepetse liwiro, wa njinga atsike. Tsiku loika maliro, dzuwa lili paliwombo, anthu akuimba, Dzinkambani anatuluka mwakachetechete n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe. Amene anamupeza ndi azakhali ake, mlongo wawo wa malemu, chala chili pagalasi, misozi ili chuchuchu.

"Iwe! Bambo ako ali m'bokosi, iwe ukusewera?"

Mwandida anabwera akuthamanga n'kumumenya khofi anthu onse akuona. Dzinkambani sanabwezere, sanapepese, ndipo chala sanachotse mpaka kamunthu kaja katagwa kokha.

"Anandituma ndi eni ake malirowa," anatero. "Tsiku la lero silidumphidwa."

Nkhani inamveka msika wonse. Makasitomala ena anasiya kukwera njinga yake, ndipo mtsikana amene ankati amange naye banja anabweza chitenje chimene anamugulira. Zinamupweteka, koma sanauze munthu. Anangopitiriza, tsiku ndi tsiku, mpaka baji la chaka linayaka. Mabaji a Dzinkambani anakwana makumi asanu.

Lekani anatenga mabaji a liwiro. Uyu ndiye anali ndi zala, ndipo ankadziwa kuti ali nazo, vuto lake linali lomwelo. Akagwira foni, anthu ankasiya bawo n'kudzamuzungulira. Ankazemba mbuzi zitatu pakamodzi, kulowa pakati pa minibasi ndi ngolo, kudumpha dzenje kwinaku akuyankha moni. Mabaji amene Biziwiki ankalimbana nawo mwezi wathunthu ndi chifoni chake chija, Lekani ankawathyola pa sabata imodzi ndi kafoni kochedwa kuganiza, kamene kankatentha m'manja ngati mbatata yootcha.

Limodzi lokha ndilo linamusautsa, lopalasa makilomita makumi asanu osakhudza kanthu. Katatu konse anafika pafupi penipeni, foni n'kuima kaye kuti ipume, pomadzidzimuka kamunthu kaja kali kale pansi pa lole. Kachitatuko, patangopita masabata awiri chiikire maliro, mtima unamupsa, ndipo anaiponya pakhoma foni ya malemu bambo ake. Galasi linang'aluka kuchokera pangodya mpaka pakati, pomwe pamayenda chala.

Biziwiki atamva, anabwera pa njinga yake yamoto kudzaona ndi maso ake.

"Mwamaliza tsopano," anatero. "Kaikwirireni pamanda a madala, azikasewera komweko."

"Yosweka yomweyi ndiyo ikugwetse," anayankha Lekani.

Anaphunzira kusewera pagalasi losweka. Mng'alu unkabisa theka la msewu, choncho analoweza msewu wonse pamtima, dzenje ndi dzenje, mbuzi ndi mbuzi, mpaka ankazemba zinthu asanazione. Galasilo linkamucheka chala. Akachimanga ndi pulasitala foni sinkachimva, ndiye ankasewera ndi chilonda chosamanga, kupukuta magazi pamalaya n'kupitiriza. Anzake amene anapangana nawo zopita ku Joni ananyamuka n'kumusiya. Patatha masabata asanu ndi awiri anadutsa makilomita makumi asanu osakhudza ngakhale nkhuku, ndipo amayi a pamsika, amene sankadziwa n'komwe kuti chachitika n'chiyani, anaimba nthungululu. Mabaji a Lekani anakwana makumi atatu ndi mphambu zisanu ndi zinayi.

Werengani nokha: khumi a mdala, makumi asanu a Dzinkambani, ndi awa a Lekani. Linatsala limodzi, lakuda lija. Biziwiki nayenso anatsala ndi lomwelo, pamodzi ndi akatswiri ena ochepa m'dziko muno. Anayesa zonse, kugunda mbuzi iliyonse mwadala, kuyenda m'mphepete mokhamokha, kudumpha osapuma. Baji linangokhala bii. Tsono kupitirira makilomita makumi asanu, kumene ankafikako akatswiri okhaokha, gemu inkayala masamba obiriwira modutsa msewu, mizere iwiri. Ukawadumpha unkalandira mapointi ambiri, ndiye onse ankadumpha. Musaganize kuti anali alendo. Onsewo anabadwira konkuno, maliro anawaonapo, koma munthu akalowa m'gemu, chilichonse chogona pamsewu amachiona ngati chodumpha basi.

Mwandida sanatenge mbali iliyonse, ndipo sankafuna. Gemuyo ankadana nayo ndi mtima wake wonse. Kawiri konse anaibisa foni m'thumba la makala, ndipo kamodzi anapita nayo kwa wogula mafoni akale, n'kubwerera pakhomo penipeni pa okala atakumbukira nkhope ya bambo ake. Komabe ndiye ankawadyetsa alongo ake onse awiri kuchokera pa tomato wake, akuwalalatira kuyambira posamba m'manja mpaka potsuka mbale.

Mkaziyu anali ndi chilonda chakechake. Tsiku la maliro lija, masamba ali pamsewu, galimoto ina yoyera inadutsa liwiro la mtondowadooka, wailesi ikusokosera, n'kumwaza masamba onse. Mwandida anatuluka m'siwa, mpango uli m'manja, n'kuigenda ndi mwala. Anaiphonya. Kenako anagwada pamsewu n'kuyalanso nthambi zija ndi manja ake, imodziimodzi, akutukwana mwini galimoto ndi mtundu wake wonse. Kuyambira tsiku limenelo, akaona masamba pamsewu mtima unkamuwawa.

Tsiku lina la msika, masana, Lekani anakhala pakabokosi pafupi ndi benchi la tomato la mlongo wake, akusaka baji lakuda lija. Anadutsa makilomita makumi asanu bwinobwino. Mwadzidzidzi chilonda chija chinang'ambika, magazi n'kuyenderera pagalasi.

"Achemwali, gwirani!" anakuwa. "Ikani chala apa, panopa msewu ndi woongoka! Musachotse, ndidzipukute kaye!"

"Ine zachibwana zanuzo ayi."

"Chonde, achemwali, ndachokera kutali!"

Mwandida anaika chala, nkhope atakwinya. Kamunthu ka chipewa chofiira kanapitiriza kupalasa. Kenako kutsogolo kunatulukira masamba, mizere iwiri, modutsa msewu.

"Kankhirani m'mwamba! Dumphani!" anakuwa Lekani.

Mwandida anachotsa chala.

Lekani anagwira mutu n'kukuwa ngati wabayidwa. Koma njinga sinagwe, ndipo nthawi inasiya kuwerenga. Kamunthu kaja kanatsika, kanavula chipewa, n'kukankha njinga pang'onopang'ono kuchokera pa mzere woyamba mpaka wachiwiri. Katafika pamenepo kanaweramitsa mutu. Nthawi yomweyo baji lakuda linayaka ngati golide, ndipo pansi pake panaoneka dzina lake: Woleredwa.

"Mwadziwa bwanji?" anafunsa Lekani.

"Kudziwa chiyani? Pamaliro sitithamanga," anatero Mwandida, n'kubwerera kukaunjika tomato wake.

Baji la Mwandida linali limodzi lokhalo.

Patapita masiku atatu kunabwera galimoto yochokera ku Lilongwe. Munatuluka mayi wachitsikana wovala magalasi, mmodzi wa eni ake a gemu, fomu ili m'manja, akufunsa kuti a Ngozo ndi ati. Anamulozera kumanda. Atamva nkhani yonse, anapereka fomu ija kwa ana a malemu.

"Dzina lapambana ndi la malemu," anatero. "Ntchitoyi ndi yanu a pakhomo pano, koma mpando ndi umodzi, ndipo mzere wa dzina pafomupa ndi umodzi. Ine sindingakusankhireni. Tinkafuna munthu wopirira, wa diso lakuthwa, komanso wosaiwala kwawo. Sitinkadziwa kuti tidzamupeza atagawika patatu. Ndibweranso Lachisanu masana. Ndikadzapeza mzerewu uli wopanda dzina, ntchito idzapita kwa wachiwiri."

Wachiwiriyo mukumudziwa kale. Msika susunga chinsinsi. Biziwiki anamva za masamba tsiku lomwelo, m'mawa mwake anachotsa chala, baji n'kumuyakira. Woleredwa, Biziwiki! Zina zimachitika kuti tingopsa nazo mtima.

Lachinayi atatuwo anakhala pakhonde paja pankakhala bambo awo, azakhali ali pambali. Fomu inali pamphasa, foni yosweka ili pamwamba pake kuti mphepo isaiulutse.

Dzinkambani, amene chibadwire sanalankhulepo mawu oposa khumi pakamodzi, ndiye anayamba.

"Theka la mabajiwo ndi langa. Chaka chonse sindinapume, sindinaiwale, ndikadwala ndinkadwala foni ili m'manja. Ndinakwera phiri m'matope inu muli m'nyumba. Ndinamenyedwa khofi pamaliro a ababa, anthu mpaka lero amandiloza chala, mkazi anandikana. Ndikanachita manyazi tsiku lija, bwenzi pano chaka chisanakwane, ndipo baji lakudalo silikanayaka ngakhale mukanachotsa zala zonse khumi. Mawondo angawa atsala ndi zaka zochepa. Pafomupo palembedwe ine."

"Achimwene," anatero Lekani, "zimene munachitazo ngakhale bulu akanachita, bola pakhale womukumbutsa. Ntchitoyi ndi yoyesa magemu. Mukayesa chiyani inu ogwera m'dzenje loyamba? Masamba aja ali kuseri kwa makilomita makumi asanu. Ndani m'nyumba muno akanafikako? Taonani chala changachi. Magazi anga ali m'ming'alu ya galasi ili. Anzanga ali ku Joni, ine ndinatsala chifukwa cha dzina la ababa."

"Galasilo anaswa ndani?" anafunsa Dzinkambani.

Lekani anayang'ana pansi, koma kamphindi chabe. "Ndinaswa ndine, ndipo ndinalipira ndi chala changa. Koma achemwali asalowepo n'komwe pankhaniyi. Anagwira foni mphindi imodzi, mochita kuwachonderera, n'kulakwitsa. Mwayi si luso."

Apa ndi pamene Lekani anaputa mavu. Mwandida anali atabwera ndi maganizo oti awasiye alongo akewo akangane okha, iye abwerere ku tomato. Atamva mawu amenewo anaimirira n'kumanga chitenje m'chiuno.

"Kulakwitsa? Iwe masambawo unawadumpha kangati? Akatswiri a dziko lonse anawadumpha, ndi mafoni awo, ndi masukulu awo. Ine sindinalakwitse. Ndinachita zimene ababa ankachita pamsewu zaka makumi awiri ndi zitatu, zimene inu nonse munaziiwala. Wina kusewera pamaliro, wina kudumpha maliro, ana a munthu mmodzi! Popanda ine mukanamera imvi ndi baji lakudalo. Zaka khumi ndapsa ndi dzuwa pamsika apo, ndikudyetsa anthu a ndevu. Ntchitoyi sindinkaifuna. Tsopano ndikuifuna, ndipo sindisuntha."

"Inu omwe munkafuna kuigulitsa foni?" anatero Dzinkambani.

"Ndinaigulitsa?"

Azakhali anayesa kuthira madzi. "Ana inu, mutu umodzi susenza denga, ili mwasenzera limodzi. Apite mmodzi, azikakumbukira anzake."

Onse atatu anavomera kuti azakhali anena zoona, ndipo aliyense anati wopitayo akhale iyeyo. Azakhali anati ndiye achite maere. Onse atatu anakana pakamodzi, ati dzina la bambo awo si la juga, ndipo thukuta, magazi ndi misozi sizitoleredwa m'chipewa. Kuuma mutu kumeneku sanachite kubwereka, anatengera kwa mdala uja anauza dziko lonse kuti liseke.

Lachisanu linafika. Dzuwa litakwera, Biziwiki anabwera n'kuimika njinga yake yamoto tsidya la msewu, pomwe paja anaima ponyoza a Ngozo. Chikwama cha ulendo anali atamangirira kale kumbuyo.

"Musavutike, abale anga!" anakuwa. "Pitirizani kukangana, ine ndikakuimirirani bwinobwino ku Lilongwe!"

Atatuwo anaimirira limodzi n'kumuyang'ana.

"Iwe ndiye sukupita," anatero Mwandida.

"Sukupita," anatero Lekani.

Dzinkambani anangolavula pansi.

Pa ichi chokha ndi pamene anagwirizana. Atatembenukira kumphasa, fomu inali pomwepo, mzere uja uli mbee, cholembera chili pakati. Manja atatu anatambasuka nthawi imodzi, ndipo palibe limene linabwerera. Kumtunda kwa msewu galimoto ya ku Lilongwe inatulukira, n'kuyamba kuchepetsa liwiro.

Ine ndatsikira pano, njinga ndakupatsani inu. Musandiuze kuti agawane, mpando umodzi sugawika. Musandiuze kuti adikire, mayi uja watsegula kale chitseko, ndipo mzerewo ukapita wopanda dzina, mwana wa pachigayo akakhala pampando umene a Ngozo anausiyira ana awo. Cholembera ndi chimenecho. Mulembapo yani: Dzinkambani amene sanadumphe tsiku ngakhale pamaliro a bambo ake, Lekani amene anafika kumene wina aliyense pakhomopo sakanafika, kapena Mwandida amene anagwira foni mphindi imodzi n'kudziwa pochotsa chala?